Chifundo Chidamanitsa Ndaziona Loni

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zikopa ayi, kale la dzana lomweli mafoni atafika, kumidzi ya ku Ntchisi kudali mtsikana dzina lake Ndaziona. Za nzeru zake musandifunse. Akangokweza dzanja m'kalasi, aphunzitsi ankatuluka thukuta mpaka choko kusungunukira m'manja. Ine ndayenda mpaka kumene dziko limathera, koma mutu ngati umenewo sindidauonenso. Bambo ake adamwalira iye akukwawa. Adakula ndi mayi ake, a Nankhoma, m'kanyumba ka udzu kodontha mwakuti mvula ikayamba ankathawira panja kukausa.

Atalemba mayeso a Fomu 4, dzina lake lidatuluka: wasankhidwa kupita ku yunivesite. Nthungululu za tsikulo zidagwetsa mango osapsa m'mitengo ya midzi yoyandikana. Koma yunivesite sidya nthungululu, imafuna fizi. Mumzinda mudali bungwe lina lopereka loni kwa ophunzira osauka kuti adzabweze akayamba ntchito, ndipo lamulo lake lidali loti uonetse kuti ulibe pogwira. Ndaziona adaseka, amvekere, "Ngati mayeso ake ndi umphawi, ndakhoza ndisadalembe."

Adalemba mafomu, nadikira. Mayina a opatsidwa loni atatuluka, lake padalibe. Adakwera matola kukafunsa ku ofesi. Mzere wa kumeneko, anthu inu! Mnyamata wina adaima kumbuyo atameta bwinobwino, pofika pawindo ndevu zili pachifuwa. Ndaziona atafika, mayi wa pawindopo adamuyankha osadzutsa mutu.

"Mwanawe, ife timaona makolo, sukulu imene wachokera, ndi pakhomo panu. Ponseponse iwe ukuoneka wopeza bwino. Chikadakhala chimodzi tikadamva dandaulo lako, koma zonsezi? Konza mapepala ako, udzayesenso chaka chamawa. Wotsatira!"

Ndaziona adakhala pakhonde la ofesiyo, nayamba kuzilondola chimodzichimodzi. Apa m'pamene adazindikira kuti amene adamutsekera khomo ndi anthu omukonda.

Woyamba adali a Lufeyo, mng'ono wa malemu bambo ake, mlonda wa pa esiteti ya fodya. Ndaziona ali kamwana adadwala malungo aakulu, maso kutembenuka, mitsinje itadzaza, njira ya ku chipatala cha boma itaduka. Chipatala chapafupi chidali cha pa esiteti, cholandira ana a antchito okha. A Lufeyo adamubereka kumsana, nauza adokotala kuti, "Mwana wanga uyu." Silidali bodza, poti kwathu kuno mwana wa mkulu wako ndi wako. Mwana adachira. Kuyambira pamenepo, ku sikelo, kusukulu, pa chiphaso, pamalo pa bambo pankalembedwa Lufeyo. Kalata ya imfa ya bambo omubereka padalibe; kumudzi maliro timalira, sitilembetsa. Ndiye a loni adaona bambo wamoyo, wolandira pamwezi. Sadadziwe kuti malipirowo akalowa m'thumba, thumba silimva n'komwe, ndipo ana a Lufeyo ngochuluka mwakuti pakudya amawaitana mayina ngati m'kalasi.

Wachiwiri adali malume ake, a Malizani, mwini mbumba. Sukulu yoyendera imene Ndaziona adayambira idalibe mphunzitsi wa sayansi. Ana ankangouzidwa kuti atsinzine, aganizire moto wabuluu. A Malizani adati mutu uwu usaolere pano. Adagulitsa ngolo pamodzi ndi ng'ombe zake zokoka, nakamulowetsa sukulu ya pulaiveti ya mpanda wanjerwa, yophunzirako ana a mabwana. Kuchokera apo mabelo a fodya ankasenza pamutu, khosi mpaka kulowa m'mapewa. Lero mukawaona mungati adabadwa opanda khosi. A loni ataona dzina la sukuluyo adati, "Amene adakwanitsa fizi ya kumeneku, yunivesite ingamukanike?"

Wachitatu adali mayi ake omubereka. Uthenga udabwera kuti a loni afika pagalimoto kudzaona pakhomo. Tsikulo Ndaziona adali kuganyu yosoka fodya. A Nankhoma adayang'ana mphasa yawo yong'ambika, mtima udawawa. "Alendo a galimoto ndiwakhazike apa? Akanena chiyani za mwana wanga kumzinda?" Adathamanga mudzi wonse fumbi lili koboo. Akazi a adikoni adawabwereka nyumba yamalata. Uku adatenga mipando ya sofa, uku sola ndi wailesi, uku chitenje chatsopano. Adapha nkhuku yawo imodzi yomweyo, yomwe inkafungatira mazira, naphika mpunga wopempha. Alendo adadya, adajambula zithunzi, adathokoza. Ndaziona pobwera adakumana ndi galimoto ikutuluka, alendo akutokosa m'mano. Mayi ake adamuchingamira nkhope ikuwala.

"Tawalandira ngati anthu, mwana wanga. Sakatiseka."

Galimoto yomweyo idaimanso kwa mwini chigayo wa pamsika. Mkulu ameneyo adabisa lole yake kuseri kwa tchalitchi, navala malaya obooka, nalandirira alendo pansi pa nkhokwe yopanda chimanga, akutsokomola ngati wotsala madzi amodzi. Mwana wake ndiye adapatsidwa loni.

Ndaziona adabwerera kumudzi nkhani ili chonchi: malo ake ku yunivesite amusungira mpaka tsiku lotsegulira. Akapanda kulipira chaka choyamba, malowo apatsa wina. Atatu aja adakhala pansi pa mthethe, iye ali poteropo. Aliyense adatsala ndi chinthu chimodzi chokwana kulipirira chakacho. A Malizani adali ndi dimba lodyetsa banja lawo. A Lufeyo akadasiya ntchito, esiteti ikadawapatsa ndalama zotsanzikira, koma nyumba ya pa esiteti akadatulukamo ndi ana onse aja. A Nankhoma adali ndi munda umene amayi awo adawasiyira. Kusonkherana sikukadatheka, poti dimba sugulitsa theka la chitsime, ntchito susiya mwendo umodzi, ndipo wogula mundawo ankaufuna wonse.

A Malizani ndiwo adayamba. "Alamu, dzina lanu lija mudalimata pa mwana ngati chidindo cha ng'ombe. Atachira simukadalifufuta?"

"Ndikadapanda dzina limenelo, bwenzi pano mukukangana ndi manda," adatero a Lufeyo. "Inu ndi amene mudamuveka yunifolomu ya ana a mabwana pamene kwanu mbewa zimasamuka ndi njala."

"Popanda yunifolomu imeneyo bwenzi yunivesite akuimvera pa wailesi! Funsani mlongo wangayu, amene adasandutsa umphawi wathu ukwati."

A Nankhoma adamanga chitenje. "Achimwene, musandiyambe. Si inu mudandikalipira pa maliro a bambo a mwanayu kuti ndidapatsa alendo madzi m'chikho chong'aluka? Amayi adatiphunzitsa kuti mlendo sumuonetsa nsanza. Lero mwambo womwewo wasanduka mlandu wanga?"

"Akadaona denga lanu lija, alamu, akadalira misozi n'kusaina pomwepo," adatero a Lufeyo.

"Akadasaina bwanji poti bambo ake ndi bwana wolandira pamwezi?" adabweza a Nankhoma.

"Bwana wa chibonga ndi tochi!" adaseka a Malizani, koma padalibe womuthandiza kuseka.

Adakangana mpaka mbalame za mumthethemo zidasamukira ku Dowa. Potsiriza adagwirizana chimodzi: wathyola mwana mwendo ndiye amubereke. Amene adalakwitsa kwambiri ataye chake, mwana apite kusukulu. Koma poti palibe ankavomera, onse adatembenukira kwa Ndaziona.

"Mutu uli ndi iwe," adatero a Malizani. "Loza. Amene umuloze sakana."

Ndaziona adayang'ana a Lufeyo, naona msana umene udamubereka akufa. Adayang'ana malume ake, khosi lili m'mapewa. Adayang'ana mayi ake, amene sadadziwe n'komwe kuti padziko pano pali malo oti munthu amapambana poonetsa nsanza. Mkwiyo udalipo, koma wosowa poutula. Akaloza mmodzi, wamuweruza pamaso pa abale, namutumiza ku njala. Akapinda chala, malo ake atenga wina, ndipo ng'ombe zija, nkhuku ija ndi msana uja zapita pachabe, iye n'kukalamba akusoka fodya wa eni.

Ine milandu ndaweruza yambiri, ina mafumu atathawa, koma uwu ndautula pamaso panu. Mwa atatuwa, adamutsekera khomo Ndaziona ndani: womupatsa dzina kuti asafe, womugulira sukulu kuti akhoze, kapena wobisa umphawi kuti asasekedwe? Chala chikadakhala chanu, mukadaloza yani?