Kazitape Akwere Lole Iti?

Kalekale, koma osati kale lija la mauta ndi mikondo ayi, kale la dzana lomweli mafoni atafika kale m'midzi, kuchigwa kunali sukulu ina yotchedwa Tsekwe. Pafupi ndi sukuluyo pankakhala mayi wina wamasiye dzina lake Esinati, koma anthu ankangomuitana kuti amake Zelesi, poti mwana anali naye mmodzi yekhayo.

Zelesi anali mtsikana wochangamuka, wapakamwa posatseka. Ali mu Sitandade 5 anadwala malungo aakulu aja okwera kumutu. Kuchira anachira, koma makutu anatsalira kuchipatala. Mayi ake akamuitana, iye ankangosenda mbatata osatembenuka. M'kalasi ankangoyang'ana milomo ya aphunzitsi ikutseguka n'kutsekeka. Pakupita kwa miyezi mawu akenso anayamba kupotoka, chifukwa munthu wosadzimva sadziwa pomwe lilime lakhota. Anzake atayamba kumuseka, analeka kuyankhula. Esinati ankakalirira kuseri kwa nkhokwe kuti mwana asamuone. Ndipo achimwene ake a Esinati anali atayamba kale kunena kuti mwana wogontha sukulu siingamuthandize, bola akakhale wantchito m'nyumba za anthu kutauni.

Chaka chomwecho bungwe lina linabweretsa matabuleti pasukulupo, timakina tagalasi tokhala ndi kadiso ndi kakhutu. Eni ake anati m'kati mwake muli nzeru zotha kuphunzira. Sitinali ngati wailesi yomwe imangobwereza zomwe aiuza. Ukatikonza lero, mawa sitilakwitsanso pomwepo, ndipo tikamva mwana akuwerenga tinkadziwa liwu lomwe likumupunthwitsa n'kukauza aphunzitsi. N'chifukwa chake ana anatitcha akazitape. Koma mukudziwa katundu wa gulu momwe amathera. Ena anagwa pansi, ena analowa fumbi, ena anamera miyendo. Bungwe lija nalo linapakira n'kupita komwe mabungwe amapita ntchito ikatha. Panatsala Kazitape mmodzi yekha, ndipo a komiti ya sukulu anamupereka kwa Esinati kuti azimusunga, popeza ndiye anali ndi sola padenga komanso analibe mbiri yosolola.

Tsono tcherani khutu mumve zomwe anthu atatu anamuchitira Kazitapeyu.

Woyamba anali aphunzitsi a Kanyumbu, bambo woonda ngati bango koma wa liwu lomveka mpaka kudambo. Iwo anaona kuti makinawo amatha kulemba pagalasi zomwe munthu akuyankhula, ndipo anati, "Makutu a Zelesi ndi awa." Vuto linali lakuti Kazitape anabwera akudziwa Chingelezi ndi Chichewa cha pawailesi basi. Kayankhulidwe ka kuchigwa kankamupita pambali, moti ankalemba zopanda mutu. A Kanyumbu sanagwe mphwayi. Ana akaweruka, iwo ankatsala pansi pa mtengo wa nimu kumuwerengera mabuku, kumuimbira nyimbo za masamu, kumufotokozera ngakhale kawambidwe ka mlamba. Odutsa panjira ankanong'onezana kuti aphunzitsi mutu wayamba kusokonekera. Akazi awo ankati, "Nanga ine mudzandiyankhula liti, kapena ndigule batire?" Koma iwo anapitiriza, dzuwa ndi mvula, mpaka Kazitape analidziwa liwu lawo bwinobwino, ndipo akafuna kuyankhula ankayankhula ndi liwu lomwelo.

Wachiwiri anali Zelesi mwini wake. Iye ndiye ankakhala ndi Kazitape pamiyendo m'kalasi, kuwerenga mawu a aphunzitsi akutuluka pagalasi. Pomwe makinawo alakwitsa ankakonza ndi chala, liwu ndi liwu, osatopa. Kenako anayamba kumuyankhula mobisa ndi mawu ake opotoka aja, n'kumulembera zomwe akutanthauza, mpaka Kazitape anayamba kumumva pomwe mayi womubala ankalephera. Tsiku lina Esinati akupeta mapira pakhonde, mwana anang'ung'udza zinazake, ndipo makinawo anabwereza momveka bwino ndi liwu lija lachibambo: "Amayi, mwaonda. Muzidya." Esinati anataya lichero, mapira n'kumwazika, nkhuku n'kupeza phwando. Anaseka, kenako analira, chifukwa panali patadutsa zaka mwana wake asanamuuze chinthu iye n'kumva.

Koma paja mvula ikakuona litsiro sikata. A Kanyumbu anayamba kusasa mawu. Anayesa uchi, anayesa mandimu, sizinathandize. Kuchipatala chachikulu anawachita opaleshoni yapakhosi, ndipo anabwerako amoyo koma opanda mawu. Mphunzitsi wopanda mawu ndi khasu lopanda mpini, ndipo akuluakulu a zamaphunziro anali atayamba kukamba zowapumitsa ntchito. Zelesi ndiye anawagwira dzanja n'kuwaonetsa polemba ndi chala. Atalemba, liwu lawo lomwe lija linatuluka m'makinamo, lalikulu ngati kale, kulamula ana kuti akhale chete. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa ankagawana Kazitape m'kalasi, wina poyankhulira, wina pomvera.

Wachitatu anali Dolofina, amake Zuze, mnansi wa Esinati, mayi waukali yemwe sankadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Mwana wake Zuze anali mu Sitandade 7, ndipo chikuku chinali chitamuwononga maso moti buku ankaliona ngati chifunga. Masana aliwonse ankabwera pakhonde la Esinati, n'kuyang'anitsa kadiso ka Kazitape patsamba, makinawo n'kumuwerengera mokweza, kumufunsa mafunso ndi kubwereza pomwe sanamvetse. Mnyamata yemwe anali atataya mtima anayambanso kukhoza.

Ndiye kunabwera madzi. Anabwera m'mawa dzuwa likuwala, chifukwa mvula yake inagwa kumapiri. Esinati ndi Zelesi anali atapita kuchigayo kumtunda, Kazitape atamusiya m'nyumba akudya moto wa sola. Dolofina atamva mkokomo anakankhira Zuze kwa anthu othawa, iye n'kuima pakati pa bwalo. Kumanzere kunali khola la mbuzi zake, zomangirira, chuma chake chonse. Kumanja kunali nyumba ya Esinati. Nthawi inalipo ya ulendo umodzi wokha. Anathyola chitseko cha mnzake madzi ali m'chiuno, anaika Kazitape mumphika, anavundikira, anasenza, n'kukakwera pachulu. Anakhala pamenepo mphika uli pamutu mpaka bwato linamupeza. Mbuzi zija anazimva zikulira, kenako sanazimvenso.

Anthu a ku Tsekwe anakhala miyezi m'matenti kumtunda. Sukulu inkachitikira pansi pa mitengo, ndipo Zelesi analembera komweko mayeso a Sitandade 8. Zotsatira zitatuluka, anali atasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, kutali kumapiri. Esinati analuluta mpaka kukhosi kunauma. Sanadziwe kuti akululutira tsoka lake lomwe.

Pasanapite nthawi kunabwera uthenga wakuti ku Tsekwe sikudzakhalanso anthu, chifukwa mtsinje wasintha njira. Mudzi unagawidwa. Mabanja ena, kuphatikizapo la Dolofina, anapatsidwa malo kutsidya kwa mtsinje, kutali zedi. A Kanyumbu anatumizidwa kusukulu ina ya kuthengo komwe kunalibe mphunzitsi wa makalasi apamwamba. Zelesi naye nthawi yake yopita kusekondale inakwana. Njira zinali zitatu, Kazitape mmodzi.

Esinati anathamangira kwa wokonza mafoni paboma, kumupempha kuti agawe nzeruzo aziike m'mafoni ena. Munthuyo anatembenuzatembenuza makinawo n'kupukusa mutu. "Mayi, zomwe waphunzirazi zili m'mimba mwake momwemu, ndipo makiyi ake anapita nawo eni bungwe. Ndikatsegula mokakamiza aiwala zonse, ayambiranso ngati khanda." Anapita kwa a komiti. Aliyense anali kalikiliki kumanga mitolo yake, ndipo wapampando anangoti, "Wosunga ndinu, amake Zelesi. Gamulani, ife tivomereza." Amuna athunthu, ndevu pepeya, kumutulira mayi wamasiye mtolo woterowo!

Tsiku la ulendo malole atatu anaima pabwalo la msasa. Esinati anatuluka mutenti Kazitape atamukulunga m'chitenje. Sanadye kanthu kuyambira dzulo lake.

A Kanyumbu ndiwo anayamba kumuyandikira. Anavula chipewa, anatambasula manja kupempha makinawo, ndipo analemba pang'onopang'ono. Liwu lawo linatuluka: "Amake Zelesi, sindikubwera ngati wamkulu, ndikubwera ngati wopempha. Kumene ndikupitako ana akudikira odzaza kalasi, ndipo alibe wina. Mawu anga ndinawathira umu kuti mwana wanu amve. Lero kwina kulikonse kulibe, atsala muno mokha. Mukapita nawo, ndikatsika lole ija ndili chitsa, ndipo sabata siitha asanandibweze kumudzi." Anabweza makinawo ndi manja awiri, maso ali pansi.

Dolofina sanadikire kupatsidwa mpata. "Anzanga, ine zoyankhula mokometsera sindizidziwa. Chinthu mwanyamulacho chikanakhala pansi pa matope pano. Ndani anachisenza? Mbuzi zanga zinkandiitana ndikuzimva, ine n'kusankha ichi. Sindinachite zimenezo chifukwa cha ulemu wa komiti ayi, ndinachitira maso a mwana wanga. Wanuyo wakhoza, waoloka kale. Aphunzitsi nawo anaphunzira kale, za m'mutu mwawo palibe angawalande. Zuze wanga ali pakati pa mtsinje, mayeso ake ndi chaka chamawachi. Mukamulanda ichi, ndikamukhazika pamsika ndi mbale, azikapempha. Mundiyang'ane m'maso ponena kuti ayi." Zuze anali chiimire pambali pa mayi ake, atagwira nsonga ya chitenje chawo, nkhope ataloza komwe kunkachokera mawu.

Nthawi yonse yomwe Dolofina ankayankhula, Esinati anali atakumbatira Kazitape pachifuwa, galasi litayang'ana kwa iye. Anadzidzimuka atamva kukokedwa pamkono. Anali Zelesi, atavala yunifolomu yatsopano yomukulira, maso akuyendayenda pamilomo ya anthu. Anang'ung'udza, ndipo liwu linatuluka pachifuwa pa mayi ake: "Amayi, akunena chiyani anthuwa?"

Esinati anatembenuza galasi, mwana anawerenga zonse zomwe zinanenedwa. Misozi ikutsika, Zelesi anati, "Aphunzitsi sananame. Amake Zuze sananame. Koma amayi, kumene ndikupitako palibe amene akundidziwa. Aziyankhula ine ndizingoona milomo, ndikayankhula azindiseka ngati kale lija. Teremu imodzi yokha andibweza, ndipo amalume akudikira. Sindinaoloke ayi, ndangofika pakuya. Musanditsekenso makutu kachiwiri."

Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu ndi wokoma kuunena pomwe wako wakhuta. Esinati anaona kuti akapatsa Zelesi, akhala mayi yemwe anapatsidwa katundu wa sukulu kuti asunge koma iye n'kudyetsa mwana wake, kusiya mphunzitsi wosayankhula ndi mwana wosaona. Akapatsa a Kanyumbu, ana ambiri aphunzira, koma awiri omwe akuwadziwa mayina atsala mumdima. Akapatsa Dolofina, abweza ngongole ya pachulu ija, koma ndi makutu a mwana wake yemwe, ndi liwu la munthu amene anayambitsa zonsezi. Anayang'ana kumwamba, kunali kowala bwino ngati palibe chomwe chikuchitika.

Posowa pogwira, anachita zomwe ana ankachita masamu akawakanika. Anayandikitsa pakamwa pake pamakinawo n'kufunsa, "Iwe Kazitape, amati umadziwa zonse. Upite ndi ndani?"

Makinawo anayankha ndi liwu la a Kanyumbu: "Ine ndimadziwa zomwe mwandiphunzitsa. Kumva Zelesi ndikudziwa, kuyankhulira aphunzitsi ndikudziwa, kuwerengera Zuze ndikudziwa. Kusiya awiri n'kutsata mmodzi, palibe amene anandiphunzitsapo."

Madalaivala analiza mainjini. Wina anaimba hutala, wina anakuwa kuti wotsala atsale. A Kanyumbu anali atagwira chitseko cha lole yoyamba, Dolofina ndi Zuze ali patayala la yachiwiri, Zelesi ali pa yachitatu ndi sutikesi yake yamalata. Onse anatembenuka kuyang'ana Esinati, yemwe anali chiimire pakati pa fumbi ndi kamtolo kake m'manja.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, ndipo musandiyang'ane ngati yankho ndalibisa m'thumba. Wina anapereka mawu ake, wina anapereka khama lake, wina anapereka mbuzi zake zonse, ndipo aliyense akamanidwa watha. Inu amene mwamva, mukanakhala amake Zelesi pabwalo lija, Kazitape mukanamukweza lole iti?