Mwana Wothawa Belu

Pasukulu ina belu linali limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo. Ahedi ankaiomba okha ndi hamala, ati ena onse manja awo ngaulesi. Chaka chili pakati kunabwera mtsikana wachilendo. Belu likangoti ngwee, iye ulendo pansi pa desiki, makutu atatseka. Anzake anamutcha Kamfuko.

Amadamu a kalasi yake anati, "Ahedi, bwanji timufunse mwanayu chimene chikumuvuta?"

"Kufunsa mwana? Ine zaka makumi atatu ndikupuma fumbi la choko! Vuto ndi desikiyo. Itulutseni."

Desiki inatuluka. Mawa lake Kamfuko analowa pansi pa ya mnzake. Ahedi anatulutsa madesiki onse, ana n'kumalembera pamaondo. Mwana analowa m'kabati, kabati inatuluka. Anabisala kuseri kwa chitseko, kalipentala anaitanidwa kudzachizula. Pofika Lachisanu m'kalasi munali mbee ngati mwadutsa akuba, katundu yense akuvumbwa ndi mvula pabwalo.

"Tione pobisala tsopano," anatero ahedi, n'kuliomba belu ndi mphamvu zonse. Atathamangira m'kalasi kukaona kupambana kwawo, anangomva miyendo yagwidwa. Mwana uja anali atalowa m'chijasi chawo chachitali.

"Nanga tsopano titulutse ahedi?" anafunsa amadamu.

"Atuluke ndi iyeyu! Lolemba ndisamuonenso pano!"

Amadamu anagwada pansi, n'kukweza pang'ono nsonga ya chijasi chija. "Mwanawe, palibe akumenye. Belu limakutani?"

Mawu anatuluka pakati pa miyendo ya ahedi. "Basi imene tinagwa nayo ndi amayi, limu yake inagubuduka pamsewu ikulira choncho. Amayi sanadzukenso. Likalira ndisakudziwa, ndimaona ngati tikugwanso."

Hamala ija inawalemera ahedi m'dzanja ngati thumba la simenti.

Lolemba hamala anaipereka kwa Kamfuko kuti belu aziomba yekha, nthawi yake akuidziwa. Tsiku loyamba anangogogoda ngati mlendo pakhomo, koma anaima pomwepo osathawa.

Madesiki makumi anayi otupa ndi mvula ahedi anawabweza okha pamutu, kalipentala akuwafunsa ngati chitseko achibwezeretse lero kapena adikire kaye nzeru ina. Akulu sananame: safunsa anadya phula.