Faniwelo ndi Mtsuko Wopanda Kanthu

Panali munthu wina pa esiteti ya khofi kumapiri uko, makaniko, dzina lake Faniwelo. Dzanja lake linali ngati fosholo. Bawuti imene wamanga Faniwelo, kuimasula kwake kunkafuna anthu atatu, wachinayi wopempherera. Akuti tsiku lina anapereka moni wa m'manja kwa abusa, ndipo abusawo anadalitsa mpingo ndi dzanja lamanzere milungu iwiri.

Munthuyu anali ndi chikhulupiriro chimodzi: chitsulo chilichonse chizionetsa ntchito yake. Chozungulira chizizungulira. Chokankha chizikankha. Chongokhala phee, kunja. Akamasula injini n'kuimanganso, pankatsala tizitsulo todzaza chipewa, iye n'kumati opanga anaikamo zambiri chifukwa cha mantha. Mwatsoka lake, injinizo zinkalira ndithu. Ndiye ndani akanamuuza kanthu?

Chaka china eni esiteti anamanga thanki pamwamba penipeni pa phiri, kuti madzi azitsika okha kupita ku nazale, kumene kunali mbande za khofi zikwi makumi anayi. Pampu yakale ya kumtsinje, ija yongozungulira, inalephera. Inkafika nawo madzi pakati pa phiri n'kuyamba wefuwefu ngati munthu wonenepa amene basi yamusiya. Choncho anagula ina, ya mapisitoni. Imeneyi sinyengerera madzi ayi. Imawakoka, n'kuwamenya nkhonya. Kukoka, nkhonya. Kukoka, nkhonya. Madzi amakwera phiri asakufuna.

Pampu inabwera m'bokosi la matabwa. Pamwamba pake, pamene madzi amatulukira, panali chimtsuko chachitsulo, chozondoka, kukamwa pansi. Faniwelo anachigogoda ndi sipanala. Chinati ngwee. Anachimasula n'kusuzumiramo. Mdima. Analowetsamo dzanja mpaka m'khwapa. Munalibe sipuling'i, munalibe kachitseko, munalibe ngakhale kangaude.

Anaitana anthu onse amene anali pafupi kuti adzaone. Anawauza kuti za m'kati mwake anaba akudoko, kapena opangawo anaweruka asanamalize ntchito. Mulimonsemo, pa pampu ya Faniwelo sipadzakhala mlesi. Kabuku kamene kanabwera ndi pampuyo anali atakapinda kale n'kukaika pansi pa mwendo wa tebulo limene linkagwedera. Anatseka bowo la pamene panali chimtsukocho ndi chitsulo chafulati, mabawuti asanu ndi atatu, aliyense womangidwa ndi mkwiyo.

Chimtsukocho, poti chinkalira bwino, kapitawo anachipempha. Anachipachika pa mtengo wa bulugama pabwalo la ofesi kuti chikhale belu. Ndipo linali belu lokoma, abale. Likalira masana, anthu a m'mudzi wachitatu ankaweruka nawo m'minda yawoyawo.

Tsono anayatsa pampu.

Gu. Gu. Gu. Paipi inayamba kudumpha ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Nyumba ya pampu inanjenjemera. Abuluzi anasamuka ndi mabanja awo. Faniwelo anaimika chifuwa n'kunena kuti imeneyo ndiye mphamvu. Tsiku lachitatu paipi inaphulika polumikizira, madzi n'kuthuvuka m'mwamba mpaka khwangwala wongodzidutsira anasamba asanakonzekere.

Faniwelo anati paipiyo ndi yaulesi. Anaika yokhuthala. Inaphulika chapamwamba. Anaimanga malamba achitsulo. Malamba anaduka. Anaikwirira mu konkire. Konkire inang'ambika ngati chigumu. Akawotcherera kumtsinje, kuphiri kwaphulika. Akathamangira kuphiri, kumtsinje kukumuitana. Kwa milungu itatu munthuyo sanaume. Mkazi wake ankangomuyanika pa chingwe pamodzi ndi ovolosi yake.

Unali mwezi wa Okotobala. Dzuwa linkachita ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Ku nazale mbande zinaweramitsa mitu. Amayi ankakwera phiri ndi ndowa kuyambira m'mawa, koma ndowa ndi chiyani pa mbande zikwi makumi anayi?

Manijala wa esiteti anali Mayi Namaona, mayi wamfupi amene sanakwezepo mawu chibadwire. Lachitatu m'mawa anamuitana Faniwelo mu ofesi. Anamupatsa mpando. Anamufunsa za ana. Kenako anati:

"A Faniwelo, m'sitolo mwatsala paipi imodzi. Ikaphulika imeneyo, Loweruka kubwera makaniko wa m'tauni. Ndipo adzafuna pogona."

Panalibe chowonjezera. Nyumba ya makaniko pa esiteti inali imodzi, ndipo Faniwelo anali atakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ana ake onse anakwawira pakhonde pamenepo. Mapeyala anayi a kuseri anabzala yekha, ndipo chaka chimenecho anabereka mpaka nthambi kufuna mphanda. Anatuluka mu ofesi.

Nzeru inamutsalira imodzi, yomwe ija: kuwonjezera chitsulo. Anakwera njinga kupita pamsika kukafuna zidutswa za njanji zoti apanire nazo paipi yomalizayo. Anazipeza, anazimanga pa kaliyala. Njinga inayenda mitunda iwiri, tayala lakumbuyo n'kuti psii, kutula pansi udindo.

Pamsika ponsepo womata matayala anali mmodzi, Yotamu, mlongo wake wa mkazi wa Faniwelo. Anali wowonda ngati pampu ya njinga imene ankagwiritsa. Kwa zaka zambiri Faniwelo ankamuseka pa maukwati ndi pa maliro pomwe, kuti mlamu wake ndiye wochenjera m'dziko muno, amagulitsa chimene Mulungu anapereka chaulere.

Yotamu atamuona akukankha njinga, anapukuta manja pang'onopang'ono ngati dokotala.

"Alamu, mwabwera kudzagula chaulere chija?"

Faniwelo anakhala pa chitsa n'kuyamba kudandaula za mapaipi a masiku ano, kuti ndi ofewa ngati phesi, kuti dziko latha, kuti chitsulo chenicheni chinapita ndi makolo. Yotamu ankamata chubu akugwedeza mutu mwachisoni chabodza. Kenako anati, poti alamu ake amakonda zolimba, bwanji angowathirira konkire m'tayalamo, lisadzaphwenso mpaka Yesu adzabwere. Faniwelo anati msana ungathyoke asanafike pa mlatho.

"Ndiye mumaudziwa ubwino wa katundu wanga, mumangokana ndi pakamwa," anatero Yotamu.

Za pampu sankadziwa kanthu Yotamu. Iye ankangofuna kubweza chipongwe cha zaka khumi. Anatenga nyundo yaikulu n'kumupatsa Faniwelo, namuuza kuti amenye tayala la thirakitala limene linali pamenepo, lopopa bwino. Faniwelo anamenya ndi mtima wonse. Nyundo inangoti bu, n'kubwerera mwaulemu. Tayala silinadziwe n'komwe kuti kwabwera mlendo. Yotamu analoza limu yopanda tayala imene inali pambali. Faniwelo anamenyanso. Kunamveka khangaa. Limu inapindika, ululu unadutsa m'mkono, m'phewa, mpaka kukagogoda dzino lakumapeto.

"Nkhonya ndi imodzimodzi, alamu," anatero Yotamu. "Kungoti kuno yapeza pokhala. Tandiuzani, inu odziwa zitsulo, m'tayalamo muli chiyani?"

Faniwelo anatsegula pakamwa kuti anene kuti mulibe kanthu. Nthawi yomweyo, kuchokera kutali kuphiri, belu la masana linalira. Ngwee. Ngwee. Ngwee.

Pakamwa panakhala potsegula. Ntchentche inalowa, inayendera malo, inatuluka.

Munthuyo anaona zonse ngati wina wamujambulira pansi. Madzi safinyika. Pisitoni ikawamenya, iwo amamenya paipi, chifukwa alibe kothawira. Koma mtsuko wozondoka uja ukakhala pamwamba, mpweya umatsekeredwa m'kati. Nkhonya ikabwera, madzi amakwera mumtsuko n'kufinya mpweya. Pisitoni ikabwerera kukakoka ena, mpweya umadzitambasula n'kuwakankha madzi aja mofatsa kukwera phiri. Akudoko sanabe kanthu. Opanga sanaiwale kanthu. Dzanja lake analilowetsa mpaka m'khwapa m'chinthu chenichenicho, nalitulutsa akuti mulibe.

Anasiya njanji zonse pamenepo. Yotamu anafuula kumbuyo kuti limu yake yapindika, koma ankafuulira fumbi.

Tsopano panatsala ntchito yovuta kuposa kuwotcherera. Belu linali pabwalo la ofesi, pamaso pa dziko lonse. Ndipo dziko lonse linkakumbukira ulaliki wa Faniwelo pa tsiku limene anachotsa mlesi pa pampu yake. Ali m'njira anayesa kuganiza mabodza. Anene kuti akukalipenta? Anene kuti mtengo wa bulugama watopa? Bodza lililonse linkaphwa lisanafike pa geti.

Lachinayi m'mawa antchito mazana awiri anaima pabwalo kuyembekezera kuitanidwa mayina. Kapitawo anakweza chitsulo kuti aimbe belu. Faniwelo anafika ndi makwerero. Anakwera, anamasula waya, anausenza mtsuko paphewa n'kutsika.

Mayi Namaona anatuluka pakhonde la ofesi. "A Faniwelo, belu mukupita nalo kuti?"

Mtsukowo unkalemera, koma mawu ndiwo analemera kwambiri. Anawakoka kuchokera m'mimba.

"Si belu, mayi. N'chiwalo cha pampu. Mapaipi aja sanalakwe. Ndinachichotsa ndine."

Wina kumbuyo anayesa kubisa chiseko n'kuchitulutsira m'mphuno. Basi, bwalo lonse linagwa. Amayi a ndowa aja anaseka mpaka kukhala pansi. Mmodzi, khosi likumupweteka ndi ndowa, anamufunsa ngati pali chiwalo chinanso chimene a makaniko anapachika mumtengo. Faniwelo anaima pomwepo, mtsuko paphewa, n'kulandira zonse.

Mayi Namaona sanaseke. Anati, "Ndiye kachibwezereni."

Kumasula mabawuti asanu ndi atatu aja kunafuna anthu atatu, ndipo wopempherera anali Faniwelo mwiniwake. Anachotsa chitsulo chafulati. Anaukhazika mtsuko pamalo pake, kukamwa pansi. Analumikiza paipi yomaliza ija. Anthu amene anamutsatira anabisala kuseri kwa mitengo, ena atavula kale malaya kuti asanyowe.

Anayatsa.

Fu. Fu. Fu. Anadikira gu uja. Sanabwere. Pampu inkangoyenda ngati ng'ombe yobzikula pamthunzi. Faniwelo anagwira paipi. Inali phee, madzi akuyenda m'kati ngati munthu wopita ku tchalitchi. Sanakhulupirire dzanja lake, poti linali litamunamiza kale. Anatenga kapu ya tiyi n'kuikhazika pa paipi. Tiyi sanagwedezeke. Anakhala pansi n'kumuyang'ana tiyiyo ola lathunthu, mpaka mlonda wa kuphiri anatsika akukupiza chipewa kuti thanki yayamba kudzaza.

Lachisanu paipi inalimba. Loweruka makaniko wa m'tauni sanabwere. Ku nazale mbande zinadzutsa mitu ngati ana asukulu amene amva kuti mphunzitsi wadwala. Masana a tsikulo Faniwelo anayala mkeka pansi pa mapeyala ake n'kugona tulo ta milungu itatu. Mkonono wake unali woti anthu ena anathamangira kumtsinje poganiza kuti pampu yayambiranso.

Belu latsopano anabweretsa Yotamu, atalisenza pamutu: limu yopindika ija. Limalira ngati mphika wosweka, ndipo nthawi iliyonse likalira anthu amayang'ana Faniwelo, iye n'kuvula chipewa. Kabuku kaja anakachotsa pansi pa tebulo. Pa tsamba loyamba penipeni panali chithunzi cha mtsuko. Pa tsamba lachiwiri anaphunzira kuti madzi amaudya mpweya uja pang'onopang'ono, mtsuko n'kudzaza, nkhonya n'kubwerera. Choncho Lolemba lililonse amazimitsa pampu, amachotsa madzi a mumtsuko, kuti ukhalenso wopanda kanthu. Munthu amene ankadana ndi chinthu chopanda kanthu, lero ndiye amachisamala kuposa mbale yake.

Tsono inu amene mwakhala apa. Pakhomo panu, pa mpingo panu, kuntchito kwanu, alipo wina amene mumamugogoda n'kumati mulibe kanthu. Sazungulira, sakankha. Amangokhala, kumvetsera, mwina kuseka pang'ono, ndipo mukafika ndi mkwiyo mumachoka uli theka osadziwa kumene wapita. Musanamupachike mumtengo, funsani kuti akulandira nkhonya za ndani. Ndipo ngati munamupachika kale, n'kuona kuti pakhomo pakuphulika uku ndi uku, lekani kuthira konkire. Tengani makwerero, anthu akuona.