Wosoka Nsapato ndi Singano Yobuntha

Panali munthu wina wosoka nsapato. Ankakhala pakhonde la golosale ina pamsika, ndipo nsapato imene yadutsa m'manja mwake inkachita kutha chidendene msoko ukadali gwa. Anthu ankamutama. Akachedwa kumutama, ankayamba yekha.

Mkazi wake, Nangozo, anali ndi luso lakelake. Ankasoka maluwa pansalu, kusoka kuja kwa timitanda: ulusi kupingasa uku, kupingasanso uku, kamtanda pambali pa kanzake, mpaka duwa lioneke. Mwana wake wamkazi aliyense akamakwatiwa, ankamusokera nsalu ya patebulo, kuti kumene akupitako akayale chinthu chochokera m'manja mwa mayi ake. Ana aakulu onse analandira. Kunatsala mzime, dzina lake Mwandida.

Chaka chimene Mwandida anapeza banja, manja a Nangozo anayamba kunjenjemera. Tiyi ankafika pakamwa theka litatayikira pachitenje. Ulusi sunkalowanso pasingano, ndipo zipangizo zake anagawira ana aakulu aja. Pagulu sankadandaula. Koma tsiku lina mwamuna wake anamupeza kuseri kwa nyumba akulira, akunena kuti mwana ameneyu adzayesa kuti mayi ake sankamukonda ngati anzake.

Bamboyo zinamupweteka mumtima. Kutonthoza ndi pakamwa sankakudziwa, choncho anangotsokomola n'kuchokapo. Koma m'njira anadziuza kuti kusoka ndi kusoka basi. Munthu woboola tayala la galimoto popanga nsapato angalephere kansalu?

M'mawa mwake anapalasa njinga kupita m'tauni, osauza munthu. Anatenga ndi thumba lalikulu, poganiza kuti ntchito yotere imafuna katundu wambiri. Mayi wa m'sitolo anamupatsa nsalu yoyera ya timabowo tooneka ndi maso, tondandalikana bwinobwino. Anamupatsa ulusi wofiira, wobiriwira ndi wachikasu, kasizasi kakang'ono, ndi mkombero wathabwa womangira nsalu kuti isakwinyike. Anawonjezera pepala la chithunzi cha duwa, logawidwa m'timabokosi, ndi singano ziwiri zobaya pakapepala. Zonsezo zinakwana m'thumba la jekete. Mayiyo atayamba kufotokoza kagwiritsidwe kake, bamboyo anamudula mawu, namuuza kuti iye anayamba kusoka mayiyo asanamere mano.

Atafika pakhonde lake, anasolola singano imodzi n'kuiyesa pachala. Inali yobuntha. Anapukusa mutu, nadandaula kuti anthu a m'tauni alibe manyazi, amagulitsa ndi zinthu zakutha zomwe. Anatenga mwala wake wonolera, nainola mpaka inathwa ngati minga.

Kenako anayang'ana ulusi. Unali wofewa, wa tizingwe tingapo tomasukamasuka. Ulusi wotere iye sankaukhulupirira. Anadulako wina, naupota pamodzi, naupaka phula monga amachitira ndi ulusi wa nsapato. Mkombero uja sanauone ntchito, anaukoleka pamsomali. Nsalu anaipana ndi mawondo, n'kuyambira m'mphepete. Akabaya ankakoka, akabaya ankakoka, mano ali chilumire.

Singano yakuthwa ija sinkasamala za timabowo. Inkangolowa paliponse pamene yafika, n'kumang'amba ulusi wa nsaluyo. Nsalu inakwinyika, phula linaidetsa, ndipo zala za mwiniwake zinalandira gawo lake. Mayi wina amene anabwera kudzatenga nsapato zake anasuzumira, nafunsa mwaulemu ngati chimene akusokacho ndi nkhanu.

Mayiyo atapita, bamboyo anayang'ana nsalu ili pamwendo pake. Ukwati unali utayandikira. Akanatha kuponya nsaluyo kudzala, ndipo palibe akanadziwa. Mbiri yake ikanakhala yosadetsedwa, koma Mwandida akanapita ku banja chimanjamanja, mayi ake n'kutsala ndi misozi ija. Njira ina inali yokaonetsa manyazi akewo kwa munthu yekhayo amene ankadziwa ntchitoyi. Kwa munthu wozolowera kutamidwa, imeneyi inali njira yowawa.

Dzuwa lili paliwombo analongedza nsapato za eni, chinthu chimene sankachita ngakhale pa tsiku la malungo. Anachotsa mkombero pamsomali, nakwera njinga. Kunyumba anapeza Nangozo atakhala pamphasa, ndipo anaika zonse pamiyendo pake.

Nangozo anatambasula nsalu ija. Anaiyang'ana kumaso, anaiyang'ana kuseri, anainunkhiza n'kumva phula. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira nthiti, chinthu chimene m'nyumbamo munali musanamveke chiyambire matendawo.

"Bambo a Mwandida, kodi nsaluyi inakulakwirani chiyani?"

"Musandiseke, Nangozo," anatero bamboyo. "Manja ndili nawo, koma sadziwa njira. Inu muzindiuza pobaya, ine ndizibaya."

Apo Nangozo anasiya kuseka, ndipo misozi imene inatsika sinali ya kuseka kokha. Anafunsa ngati singano inayo anainolanso. Atamva kuti yapulumuka, anathokoza Mulungu.

Anayamba tsiku lomwelo. Nangozo anamuuza kuti adule mbali yowonongekayo ndi kasizasi kaja. Anamuuza kuti apinde nsalu pawiri, apindenso, kuti apeze pakati, poti duwa limayambira pakati ndipo woyambira m'mphepete nsalu imamuthera duwa lisanathe. Anamangitsa nsalu pamkombero mpaka inawamba ngati kang'oma. Pa ulusi uja anamuuza kuti asolole tizingwe tiwiri tokha, ndipo phula alisiye kumsika. Za singano anamuuza kuti inapangidwa yobuntha dala. Siiboola njira yakeyake, imafufuza bowo limene lilipo kale, ndipo ikakana kulowa ndiye kuti pamenepo si pake. Akakoka ulusi ankachita kumumenya padzanja, akuti ulusi uzigona pansalu, usamamangidwe ngati mbuzi.

Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankakhala pakhonde awiriwo. Mayi ankawerenga timabokosi papepala, bambo ankabaya. Ankakangana ndithu. Bambo ankati walowa bowo loyenera, mayi ankati walumpha limodzi, ndipo akawerenganso wolakwa ankakhala yemweyo wa masiku onse. Ankamasula n'kuyambiranso. Mwandida akatulukira, nsalu inkabisidwa pansi pa mphasa, awiriwo n'kuyamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Amuna anzake odutsa pamsewu sanamusiye. Ankamufunsa ngati walowa gulu la amayi a kutchalitchi, ndi kuti yunifolomu adzavala liti. Iye ankawayankha kuti nsapato zimene akuyendera pomusekazo anasoka ndi iye, ndipo zikadzang'ambika adzamupeza pomwepo. Mutu sankadzutsa, kuopa kutaya bowo.

Duwa linatuluka pang'onopang'ono, lofiira, masamba ake obiriwira. Nsaluyo inali yocheperapo kusiyana ndi za ana aakulu aja, chifukwa cha mbali inadulidwa ija, ndipo tsamba limodzi linapendekeka. Nangozo anati lisiyidwe choncho, masamba a kumunda nawonso salingana.

Tsiku lolongedza katundu wa mkwatibwi, azakhali ndi achemwali ake atadzaza m'nyumba, Nangozo anatulutsa nsalu ija n'kuipereka kwa Mwandida. Bambo anali panja pakhonde, akunamizira kukonza nsapato imene inalibe vuto. Mwandida anali atadziuza kale kuti iye sadzalandira, ndipo sanafune kuvutitsa mayi ake pofunsa. Anaitambasula, nayang'ana duwa, nayang'ana manja a mayi ake amene ankanjenjemerabe.

"Amayi, mwasoka bwanji ndi manja amenewa?"

"Ine ndinali maso chabe, mwanawe. Manja ali panjapo."

Mwandida anatuluka, nagwada pamaso pa bambo ake. Anagwira manja aja, okhakhala, akuda ndi phula la zaka zambiri, nawaika pankhope pake akulira ndi chimwemwe. Bamboyo anayang'ana kumbali, natsokomola monga mwa chizolowezi chake.

"Ukamachapa usamafinye kwambiri," anatero. "Ulusi wake ndi wofewa."

Nthano yathera pamenepo. Tsono inu amene mwabwera lero kudzaphunzira kusoka maluwa pansalu, taonani zimene zili pamiyendo panupo. Nsalu, ulusi, mkombero, kasizasi, chithunzi ndi singano. N'zochepa, koma n'zokwana, ndipo chilichonse chinapangidwa momwe chililimo pa chifukwa. Singanoyo musakainole.

Ndikudziwa kuti aliyense wa inu ali ndi ntchito imene amaidziwa bwino, ndipo mwafika pano ndi mwala wanu wonolera mumtima. Mphamvu imene inakupindulitsani kwina ikhoza kung'amba zinthu kuno. Kunyumba kwanunso zili choncho. Mwana wanu si tayala, mnzanu wa m'banja si chikopa. Mukaona kuti pakukana kulowa, lekani kukankha, funsani amene akudziwa, ngakhale atakhala munthu amene mumadya naye mbale imodzi. Akusekani pang'ono, inde. Mulekeni aseke, kenako mumupatse manja anu.