Msonkho wa Masutikesi

Munthu mukafuna kumudziwa mtima, ingomutchulani tcheyamani. Bambo Absalom Chikaonda anali tcheyamani wa bungwe la Amalawi ku Leicester, ndipo ankalilamulira ali m'khitchini mwawo ku Evington, dera la mumzinda womwewo. Mamembala a m'tauni yoyandikana nayo ya Loughborough, ogwira ntchito yosamalira nkhalamba, ankasonkha mwezi ndi mwezi, koma misonkhano inkachitika iwo ali pa shifiti. Voti sankaidziwa ndi fungo lomwe.

Tsiku lina bamboyo anaika lamulo lakuti aliyense wochokera kumudzi azifikira kwa iwo, sutikesi itsegulidwe, bungwe litapeko. Bungwelo linali mimba yawo. Anayamba ndi usipa. Mtedza unawakomera, nawonso unalowa m'lamulo. Atalawa tiyi wa ku Thyolo, anati ameneyo ndiye azisiyidwa yense.

Mayi Joanna, namwino wa ku Loughborough, pobwera kuchokera kumudzi ku maliro a bambo awo anatapidwa mpaka nsinjiro zimene mayi awo anasinja akulira.

"A Tcheya, mzungu pa eyapoti wandisiya, inu ndiye mukundisecha?"

"Mzungu sadziwa chokoma, mayi. Tsegulani zipi inayo."

"Nanga voti yathu?"

"Ana savota."

Nkhondo inaulika pa 6 Julaye, pa phwando lokumbukira ufulu wa dziko lathu. A ku Loughborough anatsika sitima ali m'mayunifolomu, zipande zili m'manja. Analanda mapoto, sipika ndi mbendera, nakhuthulira tiyi yense wa tcheyamani m'ngalande.

Mayi Joanna anagwira maikolofoni. "Kuyambira lero Loughborough ndi dziko loima palokha!"

Bambo Absalom anatuma asilikali awo onse, mkazi wawo ndi mlamu wawo Mapopa. Mapopa anagonja ataona mbale ya mpunga wa nkhuku. Mkaziyo anawolokera yekha kwa oukirawo akululuta, ati naye anatopa ndi kusechedwa m'nyumba yake yomwe.

Atatsala okha, bamboyo anakwera pampando wapulasitiki kuti alengeze kuti chipanduko chatha. Mwendo wa mpando unathyoka, miyendo yawo inaloza kudenga. Palibe anawadzutsa. Anthu anali pamzere kulumbira unzika kwa Mayi Joanna, amene, musanamizidwe, maso anali atayamba kale kuzungulira pa zikwama za anzawo.

Bambo Absalom akanakhutira ndi usipa, mwina lero akanakhala akutchedwabe a Tcheya. Koma akulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.