Nsambo Zatsopano za aLumo

M'chipinda chometera cha aLumo munali mipando iwiri, kalilole wong'aluka pakona, ndi gitala yopachikidwa pamsomali. Dzina la Lumo analitola pantchito, koma gitalayo anali nayo asanaphunzire kumeta. Chimwalirireni akazi awo, zaka khumi zapitazo, anali asanaikhudzenso. Tsono mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, atatsala pang'ono kukwatiwa, anawapempha chinthu chimodzi: "Ababa, paukwati wanga mudzandiimbire nyimbo ija munkaimbira amayi."

Nsambo zinali zitadyeka ndi dzimbiri, choncho anagula zatsopano. Alamu awo, amene ankaliza gitala ya besi kutchalitchi, anawapeza akuzitembenuza m'manja.

"Alamu, muikiretu lero," anatero alamuwo. "Nsambo yatsopano ili ngati nsapato yatsopano, imafuna kuizoloweza. Muizungulize katatu kokha pachikhomo chokungira, mizere izitsikira pansi osapingasana. Mukatero muziikoka pang'onopang'ono n'kukunganso, mpaka isiye kukhwefuka. Bweretsani ndikuonetseni."

ALumo anaseka, koma mumtima munawawa. Zoona zake n'zakuti anali asanamangepo nsambo okha. Ankawamangira ndi malemu akazi awo, mayi wa zala zodekha. Kuvomera zimenezo pamaso pa mlongo wa malemuwo kunawalemera lilime.

"Gitala iyi ndinayamba kuliza inu mukuyamwa chala," anayankha. "Ndidzaika ndekha m'mawa wa ukwati, zikalire zikadali zatsopano."

Tsiku litafika anamanga mothamanga, suti ili kale m'thupi. Kudulako nsambo anakuona ngati kuwononga, ndiye iliyonse anaikulunga yonse pachikhomo, mulu ngati ulusi wosokonekera. Anakunga, anayesa kamodzi, inalira bwino. Anati basi.

Mu holo anthu anakhala chete aLumo ataimirira. Ndime yoyamba inayenda bwino, mkwatibwi akupukuta misozi. Pofika pakati, nsambo yachitatu inaterereka pachikhomo, mawu ake n'kugwa. Inzake inatsatira. Gitala inayamba kulira ngati chitseko chosowa mafuta. Akapotoza chikhomo ichi, chinacho chinkakhwefuka. Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka. ALumo anaima, nyimbo ili pakati, thukuta lili kamukamu, maso pansi.

Mkwatibwi anadzuka, anakwinya diresi lake lalitali, n'kukachotsa gitala m'manja mwa bambo ake.

"Imbani ndi pakamwa, ababa. Mawu ake ndikuwadziwa."

Anaimaliza awiri, ndipo anthu anaomba m'manja mpaka kuimirira. Komabe aLumo ankadziwa kuti chimene mwana anapempha sanamupatse chonse, ndipo ukwati sabwereza.

Lolemba alamu aja anabwera kudzametetsa, osatchula kanthu za muholo. ALumo anawafunditsa nsalu, anagwira makina, kenako anawaikanso patebulo.

"Alamu, nsambo zija ankandimangira ndi mlongo wanu. Ine sindidziwa."

"Ndinkadziwa," anatero alamuwo akuwayang'ana pakalilole. "Nanga mukuganiza kuti iyeyo anamuphunzitsa ndani? Tsitsani gitalayo. Tsitsi silithawa."

Anakhala pamipando iwiri ija, mmodzi akupotoza chikhomo, wina akuwerenga mizere: umodzi, iwiri, itatu. Ntchito yonse sinakwane ndi ola lomwe. ALumo anapukusa mutu. Uchi unali pafupi masiku onsewa, chinasowa ndi pakamwa popemphera. Paja akuluakulu anati, safunsa anadya phula.