Nsomba za mu Mkhate wa Nangozo

Kalekale, mitsinje isanayambe kuphwa m'chilimwe, panali msodzi wina dzina lake Chikuse. Ankatchera miono mu mtsinje wa kumunsi kwa mudzi wawo. Mkazi wake anali Nangozo, woumba mbiya.

Anakhala, anakhala. Kenaka Chikuse anadwala. Miyendo inauma, inakana kuyenda. Kumtsinje kunatalika.

Chikuse anagona pakhonde, nkhope italoza kukhoma. Anzake akabwera kudzamuzonda, iye ankati, "Auzeni ndagona." Phala likabwera ankati, "Ikani pomwepo." Phala linkazizira pomwepo. Munthu uja anayamba kuwonda, nthiti zonse poyera.

Nangozo anada nkhawa. Anati mumtima, "Amuna angawa sakudwala miyendo yokha. Asowa mtsinje. Kuwabereka sindingathe. Koma mtsinjewo ndiubweretsa pano."

Anakumba dongo. Anaumba mkhate waukulu, wotambasuka kukamwa. Anauotcha, nauika pakhonde pafupi ndi mphasa ya mwamuna wake. Pansi anathira mchenga. Anaikamo miyala ndi udzu wa m'madzi. Anadzazamo madzi.

"Abambo, taonani."

Chikuse sanacheuke.

Nangozo anatenga dengu ndi mtsuko, ulendo wa kumtsinje. Atafika anayamba kuimba:

Mkhate wanga ndi waung'ono,
alowe ndani, atsale ndani?

Anabwera matemba, kagulu.

"Titengeni, mayi," anatero matemba. "Ife gaga atikwanira."

Nangozo anawavuula ndi dengu, nawathira mumtsuko.

Anabwera Mlamba, kamwana, kotalika ngati chala, ndevu zili pendapenda.

"Inenso nditengeni, mayi."

"Kodi iwe suvuta?"

"Ine? Onani kuchepa kwanga. Ine ndimangogona pansi."

Nangozo anaseka. Anati, "Ndevu izi ziwaseketsa amuna anga." Anamutenga.

Nsomba zinalowa mumkhate. Chikuse sanacheuke.

Masiku anapita. Mlamba anakula. Matemba anayamba kuchepa.

"Mlamba, anzako ali kuti?"

"Kaya, mayi. Ine ndimangogona pansi."

Masiku anapitanso. Mlamba anakulanso. Matemba anachepanso.

"Mlamba, anzako ali kuti?"

"Kaya, mayi. Ine ndimangogona pansi." Uku mimba itatupa.

Nangozo anagwira kumutu. "Mayo ine! Matemba anga akutha!"

Pamenepo kukhoma kuja kunamveka mawu. "Mwaikamo chiyani china?"

Nangozo anadzidzimuka. "Kamlamba, abambo."

"Mlamba ndi matemba mkhate umodzi? Chilichonse chokwana m'kamwa mwa mlamba ndi ndiwo yake. Kam'bwezeni kumtsinje."

Anayankhula, koma sanacheuke.

Nangozo anamubweza Mlamba. Mumkhate munatsala temba limodzi lokha.

Ali kumtsinje komweko, Nangozo anaimbanso:

Mkhate wanga ndi waung'ono,
alowe ndani, atsale ndani?

Anabwera makumba awiri, mwamuna ndi mkazi, onyezimira, zipsepse zofiirira kumapeto.

Ulendo uno Nangozo anafunsa. "Kodi inu mumadya anzanu?"

"Ayi, mayi. Ife sitidya mnzathu."

Sananame. Nangozo anawatenga akukondwa.

Makumba atalowa mumkhate anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anayamba kukumba dzenje mumchenga. Anazula udzu. Anavundula madzi. Temba akadutsa, iwo ankati, "Choka! Pano ndi pathu!" Temba akathawira kumwala, "Choka! Pamenepanso ndi pathu!" Akathawira pamwamba, "Choka!"

Madzi anali khavu khavu, mpaka ena anagwera pamsana pa Chikuse.

Chikuse anatembenuka. Anatsamira chigongono, nasuzumira mumkhate.

"Ha! Makumba! Nangozo, awatu akafuna kuswa amafuna bwalo lawolawo. Sadya mnzawo, inde. Koma samulola kupuma. Mkhate uwu wawachepera. Kawabwezeni."

Nangozo anawabweza. Panjira ankamwetulira yekha, poti mwamuna wake anali atacheuka.

Madzi anadikha. Temba uja anabisala kuseri kwa mwala. Nangozo akawaza gaga, gaga ankangoyandama. Temba osatuluka.

Tsopano Chikuse ankangoyang'ana mumkhate. Mmawa mumkhate, masana mumkhate.

"Iwe Temba, mdani wachoka. Tuluka udye."

"Ndidye ndi yani?" anatero Temba.

"Madzi ndi abwino. Gaga ndi uyo."

"Ndidye ndi yani?"

Chikuse anaitana mkazi wake. "Nangozo, kansomba aka katifera. Temba sadya yekha. Madzi angakome bwanji, akakhala yekha amangofota mpaka kufa. Amafuna anzake."

Nangozo anayang'ana mwamuna wake. Kenaka anati, "Ndamva, abambo. Temba sadya yekha. Nanga munthu?"

Chikuse anasuzumira mumkhate. Anayang'ana Temba. Anayang'ana manja ake owonda. Anayang'ana mbale ya phala yozizira ija.

"Tatenthetsani phalalo," anatero. "Mubwere ndi masipuni awiri."

Anadya limodzi. Mbale inayera.

Atatha Chikuse anati, "Mukapita kumtsinje, musayang'ane ndevu, musayang'ane kunyezimira. Nsomba iliyonse muifunse: umadya chiyani, umakula kufika pati, umagona pati. Ndipo musadzaze mkhate. Nsomba zikachuluka, madzi amatopa."

Nangozo anapita. Anaimba:

Mkhate wanga ndi waung'ono,
alowe ndani, atsale ndani?

Anabwera Mpasa, wosalala, waliwiro.

"Umakula kufika pati?"

"Ngati mkono wanu, mayi. Ndipo ndimakonda madzi othamanga."

"Tsala, mwanawe. Kwanga ungakavutike."

Anabwera matemba, khamu lalikulu.

"Mumadya chiyani? Mumakula kufika pati? Mumagona pati?"

"Timadya gaga ndi tizilombo ta m'madzi. Sitipitirira chala. Timasewera pakatikati pa madzi, tonse pamodzi."

"Bwerani. Koma osati nonse."

"Tonse, mayi, tonse!"

"Ayi. Ochepa okha, okwana m'manja mwangamu." Anatenga ochepa.

Anabwera Nkholokolo, kansomba kamawangamawanga, kamanyazi.

"Ine ndimatola zogwa pansi," anatero. "Masana ndimabisala pansi pa mwala. Koma ndisakunamizeni, mayi, ndidzakulako. Ndikadzakula mudzandibweze."

"Wanena zoona. Bwera."

Pomaliza inabwera Nkhono, ikukwawa pang'onopang'ono pabango.

"Nanga iwe?"

"Ine ndimanyambita ndere. Sindithamangitsa munthu. Sindingathe n'komwe."

Nangozo anaseka, naitola.

Zonse zinalowa mumkhate. Matemba atsopano anazungulira kamodzi. Anazunguliranso. Temba uja anasuzumira kuseri kwa mwala. Kenaka psiti, walowa pakati pa anzake. Nangozo anawaza gaga. Onse anadya, ndipo palibe anathanso kuloza kuti wamanthayo anali uti.

Matemba pakati. Nkholokolo pansi. Nkhono m'mbali. Aliyense malo ake, aliyense chakudya chake. Madzi anakhala mbee.

Tsiku lina anzake a Chikuse anabweranso kudzamuzonda. Anaima patali, akudikira kumva kuti wagona.

Chikuse anakuwa, "Mwaimiranji uko? Bwerani mudzaone mtsinje wanga!"

Anabwera, anakhala mozungulira mkhate. Wina anati matembawo ndi a m'dambo. Wina anati ayi, ndi a kumathithi. Anatsutsana, anaseka, mpaka Nangozo anabwera ndi mbatata zootcha. Kuyambira pamenepo pakhonde paja sipankasowa munthu.

Miyendo ya Chikuse sinachire. Koma thupi linabwerera. Anayamba kuluka miono ali chikhalire, asodzi anzake n'kumakatchera. Nangozo ankatungako madzi akale pang'ono, n'kuthiramo atsopano a kumtsinje. Nkholokolo atakula anam'bweza monga anapangana, natenga wina wamng'ono.

Ndiye iwe, ukadzafuna kuweta nsomba, kaya mumkhate, kaya m'bokosi lagalasi ngati awa a masiku ano, usatengeke ndi maso. Wam'kamwa mwamukulu usamuike ndi ang'onoang'ono. Wokonda bwalo lake usamupanikize. Woyenda pagulu usamusiye yekha. Pamalo pochepa amakhalitsa ndi okhawo ogwirizana. Nsomba zili choncho, anthunso ali choncho.

Nthano yanga, apa ndi pamene yathera.